Dzino Lachitsulo Likayamba Kudwala

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi kwathu kunabwera amalume anga kuchokera ku Johannesburg, kumene akhala zaka zambiri akugwira ntchito yowotcherera zitsulo. Tsiku lachitatu chifikireni, tili pakhonde kukukuta chimanga chootcha cha kudimba, ndinaona timadontho ta magazi pa chitsononkho chawo. Ndisanafunse n'komwe, iwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu. Munali kalata ya Chingerezi ya masamba awiri pamodzi ndi chithunzi cha X-ray.

"Mphwanga, iwe ukuphunzira ziyankhulo kuyunivesite. Tandimasulire izi m'Chichewa chomveka. Adokotala aja anayankhula zambiri koma ine ndinangotolapo mawu awiri, opaleshoni ndi ndalama."

Ndinavomera mwamatama poganiza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi. Inanditengera masabata awiri, kaamba koti mawu amodzi a m'chiganizo choyamba, akuti peri-implantitis, sindikanatha kuwamasulira ndisanamvetse chimene chikuchitika m'kamwa mwa munthu. Mu nkhani ino ndifotokoza zimene ndinapeza, monga mmene ndinawalongosolera amalumewo.

Zaka 8 zapitazo amalume anaguluka mano awiri akutsogolo, a m'mwamba, pa ngozi ya minibasi. Iwo sanafune mano ovala ndi kuvula aja agogo amawaviika m'kapu usiku. Anasankha mano ochita kubzala m'fupa, amene madokotala amati implant. Dzino lotere lili ndi zigawo zitatu. Pansi pali chitsulo cha titaniyamu chooneka ngati bawuti, chotalika pafupifupi sentimita imodzi, chimene amachipotokolera m'fupa la nsagwada. Pamwamba pake amamangapo kachitsulo kolumikizira, ndipo pa kachitsuloko amavekapo dzino loyera limene ife timaliona munthu akaseka.

Nzeru imeneyi inachokera kwa kalulu, koma osati wa m'nthano uja. M'chaka cha 1952 dokotala wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa. Anaika tizipangizo ta titaniyamu m'mafupa a miyendo ya akalulu, ndipo pofuna kutichotsa anapeza kuti takanirira: fupa linali litamera n'kugwirana ndi chitsulocho. Mu 1965 anabzala mano otere kwa nthawi yoyamba mwa munthu, bambo wina wa ku Gothenburg dzina lake Gösta Larsson, amene anakhala nawo mpaka pamene anamwalira mu 2006. Madokotala a maiko ena anayamba kuikhulupirira njirayi pambuyo pa msonkhano wa ku Toronto mu 1982.

Nditafika apa amalume anandidula. "Zaka 40 mzungu ameneyo! Nanga anga avuta bwanji zaka 8 zokha? Ndiponso sakupweteka, sakugwedera. Kodi sakungofuna ndalama zanga anthu amenewa?"

Funso limeneli ndilo phata la nkhani yonse, choncho ndichedwapo pang'ono.

Mtengo ndi nsanamira

Dzino lobadwa nalo siligundana ndi fupa. Limalendewera m'dzenje lake pa timaulusi tambirimbiri topyapyala, ndipo m'timaulusimo mumadutsa mitsempha ya magazi ndi ya uthenga. N'chifukwa chake mukaluma kamwala mu mpunga mumadzidzimuka nthawi yomweyo. Nkhama nazo zimalumikizika ku muzu wa dzino ndi ulusi wolowa ndithu m'muzumo, ngati chitseko chokhomedwa ndi misomali. Dzino lachitsulo lilibe zonsezi. Fupa limaligwira mwachindunji monga mmene konkire imagwirira nsanamira, ndipo nkhama zimangolikulunga ngati kolala ya malaya pakhosi. Kotero khomo lolowera tizilombo ndi losakhwima, magazi obweretsa asilikali a m'thupi ndi ochepa, ndipo palibe mlonda wokuwa zinthu zikayamba kuipa.

Pali chinanso. Mtengo ukadyeka mizu umayamba kupendama pang'onopang'ono, mwini n'kuzindikira. Nsanamira ya m'konkire imaima chilili ngakhale konkire itagumuka kutsala ya pansi penipeni pokha. Dzino lachitsulo likhoza kutaya fupa loposa theka koma osagwedera ngakhale pang'ono. Tsiku limene chitsulo chenichenicho chagwedera, ndiye kuti zatha, chofunika n'kuchichotsa basi. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo sindinaonepo matenda ogwirizana ndi mwambiwu kuposa awa.

Matendawa amayamba ndi zomata zoyera zija zimadzala m'mphepete mwa mano munthu akagona osatsuka m'kamwa. Zimenezo si zotsalira za nsima chabe, koma ndi mudzi wa mabakiteriya okhala m'chinthu chonanda chimene amadzipangira okha. Poyamba nkhama zokha ndizo zimatupa, kufiira ndi kutuluka magazi. Gawo limeneli amalitcha peri-implant mucositis, ndipo limachizika: ofufuza anaonetsa kuti munthu akasiya kutsuka kwa masabata atatu nkhama zozungulira chitsulo zimatupa, akayambiranso kutsuka zimayamba kuphwa. Koma kutupako kukakhalitsa kumatsikira ku fupa. Tiyenera kudziwa kuti fupa si mwala. Tsiku lililonse muli maselo ena ogumula fupa lakale ndi ena omanga latsopano, ndipo ntchito ziwirizi zimayenda mofanana. Nkhondo ya asilikali a m'thupi ndi mabakiteriya imadzutsa ogumula ambiri kuposa omanga. Tinganene kuti si tizilombo timene timadya fupa, koma thupi lenilenilo limagumula nyumba yake pothawa mdani. Mapeto ake chitsulo chimazunguliridwa ndi dzenje. Imeneyo ndiyo peri-implantitis.

Ndinaganiza zoitcha "chiseyeye cha dzino lachitsulo". Mawu oti chiseyeye aliyense amawadziwa, ndipo amabweretsa m'maganizo magazi ndi fungo la m'kamwa, zimene zili zoona. Vuto lake n'lakuti amabweretsanso chithunzi cha mano ogwedera, chimene chikhoza kumupusitsa wodwala kuti adikire chizindikiro chobwera mochedwa. Ndinawagwiritsabe ntchito, koma nthawi zonse ndi chenjezo limeneli.

Mu 2017 akatswiri a nkhama a ku America ndi ku Ulaya anakumana ku Chicago n'kugwirizana za mmene matendawa azidziwidwira. Dokotala amalowetsa kachitsulo kokhala ndi timizere toyezera pakati pa nkhama ndi dzino. Ngati palibe zithunzi zakale zoyerekezera, zizindikiro ndi izi: magazi kapena mafinya potuluka kachitsuloko, thumba lakuya mamilimita 6 kapena kuposa, ndi fupa lotsika mamilimita 3 kapena kuposa kuchokera pamene linayenera kulekezera. Kalata ya amalume inati dzino lakumanzere linali ndi thumba la mamilimita 7, lakumanja 9, ndipo lakumanjalo linkatuluka mafinya. Si iwo okha. Mu 2015 Jan Derks ndi Cristiano Tomasi, a ku Gothenburg komwe kuja njirayi inabadwira, anasonkhanitsa zofufuza za m'maiko osiyanasiyana n'kupeza kuti mwa anthu 100 alionse okhala ndi mano otere, pafupifupi 43 anali ndi nkhama zotupa ndipo 22 anali atayamba kutaya fupa.

Amene ali pachiswe kwambiri ndi anthu amene anadwalapo chiseyeye cha mano obadwa nawo, amene satsuka bwino, ndi amene sabwereranso kukapimitsa. Nthawi zina cholakwa si cha wodwala. Mano ena amawamata ndi simenti yapadera, ndipo yotsalira ikabisala pansi pa nkhama imasanduka chisa cha tizilombo. Mu 2009 dokotala wa ku America, Thomas Wilson, anasuzumira pansi pa nkhama ndi kakamera n'kupeza simenti yotere pa mano 81 mwa 100 alionse odwala amene anawayeza. Koma amalume analibe pothawira. Anaulula okha kuti papita zaka zisanu osapondako kwa dokotala wa mano, ndipo ndudu siichoka pakamwa pawo.

Kutsuka bawuti ali m'khoma

Chithandizo chilichonse chimayamba ndi kuchotsa mudzi wa mabakiteriya uja, ndipo apa m'pamene pagona vuto. Opanga zitsulozi amazikhakhalitsa dala, pozipopera timchenga ndi kuziviika mu asidi, ndi cholinga choti fupa lizigwire msanga ndiponso mwamphamvu. Walira mvula walira matope: kukhakhala komweko, fupa likachoka, kumasanduka mapanga osawerengeka obisalamo tizilombo. Onjezanipo mazinga. Amalume, monga munthu wa zitsulo, anamva msanga nditawafunsa kuti angachotse bwanji dzimbiri m'mazinga a bawuti amene theka lake lili m'khoma, kuwala kulibe, ndipo saloledwa kumumasula.

Madokotala amayamba ndi njira yosang'amba. Amapala ndi tizipangizo, ena amapopera ufa wosalala kwambiri wosakaniza ndi madzi ndi mpweya, amakonza dzino la pamwamba ngati likutchinga mswachi, n'kumuphunzitsa wodwala katsukidwe. Pa nkhama zotupa chabe, zimenezi zimakwanira kawirikawiri. Pa fupa lodyeka nthawi zambiri sizikwanira, komabe zimachepetsa kutupa kuti opaleshoni idzayende bwino. Malangizo amene bungwe la European Federation of Periodontology linatulutsa mu 2023 amatsata ndondomeko yomweyi, ndipo salimbikitsa kumwa maantibayotiki mwachizolowezi pa matendawa. Ndinawawerengera amalume mfundo imeneyi kawiri, chifukwa anali atazolowera kugula makapisozi akaona mafinya. Mafinyawo ankaleka sabata imodzi kapena awiri n'kubwereranso, popeza mankhwala oyenda m'magazi salowa bwino m'chinthu chonanda chija chomatirira pa chitsulo chopanda magazi.

Pa opaleshoni, dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amacheka nkhama n'kuzifunyulula kuti chitsulo chionekere. Amakokolola mnofu wofewa wofiira umene wadzala m'dzenje, kenako amatsuka mazinga ndi kaburashi ka titaniyamu ndi kansalu konyowetsa m'madzi a mchere. Akatero amayang'ana maonekedwe a dzenjelo, ndipo chigamulo chonse chimachokera pamenepa.

Ngati fupa ladyeka motsetsereka, kusalazika ngati bwalo, palibe chogwira zimene angathiremo. Zikatero amangosalaza m'mphepete mwa fupa, nthawi zina amapala mazinga oonekerawo mpaka chitsulo chisalale, n'kusokera nkhama m'munsi kuti thumba lithe ndipo mswachi uzifika. Matenda amatha kuima, koma chitsulo chotuwa chimaonekera. Ku mano akumbuyo palibe amene angadandaule. Kutsogolo ndi nkhani ina. Koma ngati dzenje lili ngati mtondo, lakuya mamilimita 3 kapena kuposa ndipo makoma ake atatu kapena onse anayi alipo, pamenepo pali mwayi wobwezeretsa fupa.

Mpanda ndi chimango

N'chifukwa chiyani dzenje loyeretsedwa silidzadza lokha ndi fupa, chikhalirecho fupa lothyoka limalumikizana? Yankho lake ndi mpikisano. Maselo a nkhama amakula mofulumira kwambiri kuposa a fupa, ndiye amalowa m'dzenjemo n'kulanda malo fupa lisanadzuke, monga udzu umachitira m'munda wosapalira. Mu 1988 Christer Dahlin ndi anzake, ku Gothenburg konkuja, anaboola timabowo m'nsagwada za makoswe mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi anaphimba ndi kansalu ka Teflon kotchinga mnofu, inayo anaisiya. Patapita masabata 6, mabowo ophimbidwa anali atadzala fupa, pamene osaphimbidwa anadzala mnofu ndipo anakhalabe choncho kwa miyezi. Kansaluko sikanali mankhwala. Kanali mpanda chabe, wopatsa fupa nthawi. Masiku ano tinsalu tambiri totere timapangidwa ndi kolajeni, ulusi wachilengedwe wa m'thupi la nyama, kawirikawiri wa nkhumba, ndipo timasungunuka tokha m'thupi. Munthu amene chipembedzo chake sichilola nkhumba ayenera kufunsa opaleshoni isanachitike, chifukwa tilipo tina tosachokera ku nyamayi.

Mpanda wokha ukhoza kufwafwanizika n'kugwera m'dzenje, choncho pansi pake amathirapo zogwiriziza. Zabwino koposa ndi fupa la mwini wake, lopalidwa kumbuyo kwa nsagwada ya m'munsi, pachibwano, kapena m'chiuno ngati likufunika lambiri. Ubwino wake ndi woti limabwera ndi maselo amoyo komanso mapuloteni oitana omanga. Mphamvu ya mapuloteni amenewa inaonetsedwa ndi Marshall Urist wa ku Los Angeles mu 1965: anasungunula mchere wa m'fupa ndi asidi, chotsalacho anachiika m'minofu ya nyama, ndipo m'minofumo munamera fupa. Kuipa kwake n'koti wodwala amakhala ndi mabala awiri, ndipo fupa lotere limaphwa msanga. Palinso fupa la anthu omwalira amene anapereka ziwalo zawo, ndi lina lopanga kufakitale. Koma limene linalembedwa m'kalata ya amalume linali la ng'ombe.

"Fupa la ng'ombe m'kamwa mwangamu? Ndizidzalira ngati nkhunzi?"

Tinaseka mpaka mayi anatuluka kukhitchini kudzaona. Ndinafotokoza kuti fupalo amaliwotcha ndi kulitsuka ndi mankhwala mpaka mafuta, maselo ndi mapuloteni onse a ng'ombe atachoka. Chotsala ndi mchere wa fupa wokhawokha, timibulu toyera tonga shuga wokhakhala, todzala ndi timabowo tofanana ndi ta fupa la munthu. Timibuluto sitisanduka fupa tokha. Tili ngati chimango cha nyumba chodikira kuphomedwa: magazi amaundana pakati pake, timitsempha timalowa, ndipo omanga aja amayamba kumata fupa latsopano pa kambulu kalikonse, kuchokera ku makoma a dzenje kulowera pakati. Apa m'pamene pakuonekera kufunika kwa makoma. Magazi ndi omanga amachokera m'makomamo, ndiye dzenje lopanda makoma lili ngati chimango chomangidwa kutali ndi dothi ndi madzi. Ntchitoyi imatenga miyezi 6 kapena kuposa, ndipo utsi wa fodya, umene umafinya timitsempha ta magazi, ndi mdani wake wamkulu. Shuga wosalamulirika nayenso amachedwetsa kupola.

Pali mfundo imene sindinafune kuwabisira, ngakhale inali yosakoma. Chithunzi cha X-ray chikaonetsa kuti dzenje layera, si umboni woti fupa lagwirananso ndi chitsulo ngati poyamba, popeza timibulu ta ng'ombe natonso timaoneka toyera pa chithunzi. Zofufuza za pa agalu zinaonetsa kuti kugwirananso kumatheka, koma kawirikawiri pa gawo chabe la chitsulo chimene chinaipitsidwa. Mu 2022 Derks uja ndi anzake a m'maiko angapo anayerekeza odwala amene anangotsukidwa pa opaleshoni ndi amene anathiridwanso timibulu ta fupa. Patatha chaka, magulu onse awiri anali atapezako bwino mofanana pa kuya kwa matumba ndi kutuluka kwa magazi. Phindu looneka la timibulu linali lakuti nkhama sizinatsike kwambiri. Mwa kuona kwanga, zimenezi zikutanthauza kuti chochiza ndi kutsuka kuja, ndipo fupa lothira limathandiza makamaka kusunga maonekedwe. Kwa munthu amene mano ake odwala ali kutsogolo, maonekedwewo si nkhani yaing'ono.

Nanga chitsulo chikakanika kupulumutsidwa? Amachimasula ndi chipangizo chopotokola chobwerera m'mbuyo, kapena amacheka fupa mochizungulira ndi kachitsulo konga paipi ya mano. Potsala pamakhala chibowo, ndipo chikasiyidwa chimaipiraipira, chifukwa fupa la nsagwada limakhalapo kaamba ka mano. Ofufuza a ku Aarhus m'dziko la Denmark anapeza mu 2003 kuti dzino likazulidwa, m'lifupi mwa fupa la pamalopo mumachepa ndi theka m'chaka chimodzi, ndipo gawo lalikulu la kuchepako limachitika m'miyezi itatu yoyamba. N'chifukwa chake milomo ya nkhalamba zopanda mano imalowa m'kati. Pomanganso malo otere amagwiritsa ntchito mpanda ndi chimango chomwe chija, nthawi zina ndi kachidutswa ka fupa la mwini kokhomedwa ndi timisomali. Ku mano a m'mwamba akumbuyo amatha kukweza pansi pa mphako ya mpweya ya m'tsaya n'kuthirapo fupa, njira imene Philip Boyne ndi Robert James anailemba mu 1980. Fupa likakhwima akhoza kubzala chitsulo china, ngakhale chachiwiri pamalo omwewo chimalephera kawirikawiri kuposa choyamba. Wodwala akhozanso kusankha dzino lokolekera ku mano oyandikana nalo, kapena lovala ndi kuvula lija.

Tsopano kalata ija inamveka. Dzino lakumanzere linali ndi dzenje la makoma atatu, ndipo dokotala ankafuna kulitsuka n'kuthira fupa. Lakumanja linali litataya khoma lonse lakutsogolo ndi fupa loposa theka, ndipo malangizo anali oti lichotsedwe, malowo amangidwenso. Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limene kalatayo sinayankhe. Iwo akufuna kudzapuma ntchito posachedwa n'kubwerera kumudzi ku Ntcheu. Dzino lochiritsidwa limafunika kupimidwa ndi kutsukidwa ndi dokotala miyezi itatu kapena inayi iliyonse m'chaka choyamba, ndipo pambuyo pake moyo wonse. Kuno kwathu maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo madokotala a mano akadali ochepa, ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Ndinawauza kuti powerengera mtengo wa chitsulo chachiwiri awerengerenso maulendo a minibasi opita ku Blantyre kapena ku Lilongwe kwa zaka zonse zotsala.

Anabwerera ku Johannesburg kumayambiriro kwa Januwale. Mu Epulo ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, akuyankhula mopeperera pang'ono. Lakumanja analichotsa, anathirapo timibulu tija, ndipo pakadali pano gweru latsekedwa ndi dzino lovala ndi kuvula. Lakumanzere analitsuka ndipo magazi analeka, ngakhale dokotala anawauza kuti chigamulo chenicheni chidzadziwika pakatha chaka. Za chitsulo chachiwiri sanaganize, akuti mwina lovalali likwanira. Ndudu anasiya masabata awiri opaleshoni isanachitike, ndipo akuti akulimbana nazobe.

Anatinso anapatsidwa kaburashi kakang'ono kolowetsa pakati pa mano, kamene ayenera kugwiritsa ntchito usiku uliwonse. Anandifunsa dzina lake m'Chichewa. Ndisanayankhe, unabwera uthenga wachiwiri.

"Usavutike, mphwanga, ndakapezera kale. Ndi katsache ka m'mano. Ukawauze aphunzitsi akowo alembe m'buku."